Mbewa ndi Zala za a Kamphinda

M'chaka cha 1996 anthu a pa boma la Dowa anali atapenga ndi kuvota. Matipate anali adakali amoto, ndiye chilichonse ankangoti tivote. Akwaya akasemphana pa nyimbo, tivote. Anyamata a mpira akalimbirana ugoloboyi, tivote. Ngakhale mu ofesi ya bungwe la alimi a mtedza, kuseri kwa msika kuja, amuna akuluakulu a ndevu zawo anakwezapo manja pa nkhani yoti tiyi azikhala wamkaka kapena wopanda. Musawaseke. Anthu anakhala zaka makumi atatu akungouzidwa zochita, ndiye mumati atani?

Mu ofesimo munali a Elifala Kamphinda, otayipa makalata. Bambowa anali osaona. Chikuku chinawatseka maso ali kamwana. Kutayipa anakuphunzira kusukulu ya osaona, ndipo ntchito yawo inkayenda chonchi: a Solomoni Gwaza, mkulu wa ofesi, ankalankhulira makalata m'kaseti, alangizi a m'midzi nawonso malipoti awo chimodzimodzi, a Kamphinda n'kumamvera, zala zikuthamanga pa mabatani. Pomaliza Modesta, kalaliki wachitsikana, ankawawerengera pepala lotuluka kuti amve ngati pali cholakwika.

Kompyuta ya mu ofesimo inali ya kachitidwe kakale, ndipo iwo ankamvana nayo ngati munthu ndi galu wake. Ukafuna chinthu unkalemba dzina lake, n'kudina batani, icho n'kubwera. Ukaphonya chilembo inkalira kuti pii, iwe n'kubwereza. Anthu ankati galasi lake ndi lakuda bii, loopsa, lopanda ndi kachithunzi komwe. A Kamphinda izo analibe nazo ntchito. Kompyutayo ndiyo inkadyetsa mkazi wawo ndi ana anayi. Ndiyonso inkawasiyanitsa ndi mnzawo wina wa kusukulu, amene tsopano ankaimba nyimbo za Mulungu pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, kambale kali patsogolo. Akakumbukira mawu a mnzawoyo, mtima unkawazizira.

Tsono Lolemba lina m'mwezi wa Juni kunabwera Felton, mnyamata wa makompyuta wochokera ku likulu la bungweli ku Lilongwe, atanyamula bokosi la madisiketi. Anati watumidwa kudzasintha pulogalamu yaikulu, ija imayendetsa zonse m'kompyuta, ndipo maofesi onse a bungwe akusinthidwa chimodzimodzi. Anagwira ntchitoyo m'mawa wonse akuimba likhweru. Atamaliza, kompyutayo inaimba kanyimbo kachilendo, Modesta n'kukuwa kuti, "Mayo, mitambo! Muli mitambo m'galasimu!"

"Bambo, lero ndiye mwatuluka mu mdima," anatero Felton, ndipo pomwepo anadziluma lilime.

"Mwayesetsa, achimwene," anayankha a Kamphinda. "Madokotala analephera, inu mwatha ndi madisiketi?"

Felton anaseka mwamanyazi, nawagwiritsa kanthu kobulungira ka chingwe. "Ichi ndiye chiwongolero chake tsopano. Amati mbewa."

A Kamphinda anaipapasa uku ndi uku, naitembenuza, napeza kampira kumimba kwake. "Ndakhala m'dera la Msakambewa zaka zonsezi, koma mbewa ya mchira kumutu sindinaimvepo. Imadya chiyani?"

"Mukaikoka patebulo, pagalasi pamayenda kamuvi. Kamuviko kakafika apa, mudine."

"Pati?"

"Apa."

"Apa ndi pati, achimwene?"

"Apapa, pa kachithunzi ka pepala. Kwezani pang'ono. Ayi, mwapitirira. Bwererani uko. Apo! Aa, mwachokaponso."

A Kamphinda anaisiya mbewayo, nabwezera zala pa mabatani, nalemba dzina la kalata imene anaisiya Lachisanu. Anadikira. Palibe chinabwera. Ngakhale ka pii kaja sikanalire. Galu wawo anali atasiya kumva dzina lake, ndipo kwa nthawi yoyamba mu ofesi imene ankaidziwa mpaka msomali wa kuseri kwa chitseko, anadzimva kuti ndi wakhungu. Anachita mantha, mantha enieni.

M'mawa mwake anapempha kuti zakale zibwerere, ndipo a Gwaza anaitanitsa ofesi yonse pakhonde kuti nkhaniyo ikambidwe Felton asanachoke.

Felton sanali mwana woipa, komanso pakamwa anali napo. "Zakale zija munthu umayenera kuloweza mawu ngati katekisimu," anatero. "Ukaiwala kachilembo kamodzi, basi, wagwa nayo. Ofesi yonse ino woidziwa kompyuta ndi munthu mmodzi. Bambowa akadwala malungo, makalata nawonso amadwala. Si chipani chimodzi chimenecho? Zatsopanozi ndi za aliyense. Waona, waloza, chatseguka."

"Kwathu kuno mwana akaloza munthu chala timam'menya dzanja," anatero a Kamphinda. "Chinthu chimaitanidwa ndi dzina."

"Kwathu komweko, bambo, wamkulu satchulidwa dzina."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo a Kamphinda nawo anaseka, chifukwa mnyamatayo anali atalasa. Koma chiseko chitatha anagogoda ndodo yawo pansi.

"Mwatchula za zipani, ndiye nane nditchule. Pa riferendamu paja panali nyali ndi tambala wakuda, zithunzi zokhazokha. Inu nonse munalowa nokha m'kachipinda kovotera. Ine ndinalowa ndi wondigwira dzanja, ndipo mpaka lero ndimangokhulupirira kuti anandipatsa pepala limene ndinam'tuma. Ndinapirira poti kunali kamodzi. Tsono mukufuna ndizigwiridwa dzanja tsiku ndi tsiku kuti ndipeze kalata yanga yomwe?"

Amene anayankha anali Modesta.

"Bambo Kamphinda, mundikhululukire, koma ndisaname. Zaka zonsezi makinawa ndimawaopa ngati njoka. Dzulo ndalemba ndekha kalata yanga yoyamba, popanda kufunsa munthu. Ine kubwerera sindikufuna."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa a Felton, chifukwa anali oona, komanso anachokera kwa mwana amene ankam'konda.

"Chabwino," anatero a Gwaza, amene nkhani zazitali zinkawatopetsa. "Tivote. Zakale kapena zatsopano. Ofuna zatsopano?"

A Kamphinda anamva malaya akukhudzana mbali zonse ndi mipando ikulira. "Ofuna zakale?" Anakweza dzanja lawo, natchera khutu. Panalibe malaya ena amene anagwedezeka.

"Demokalase yalankhula," anatero a Gwaza.

Anthu atabalalika, mkuluyo anawagwira paphewa. "A Kamphinda, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma makalata sangaime. Mwezi uno ukatha mbewa ikukukanikanibe, ndidzauza a ku likulu kuti akuganizireni zokapuma."

"Ndikapume chiyani, bwana? Ndatopa?"

A Gwaza anangousa moyo n'kulowa mu ofesi mwawo.

Sabata imeneyo a Kamphinda analimbana nayo mbewa ija ngati munthu wokumba una wa pamwala. Anayesa kuikoka mpaka kungodya ya tebulo kuti aziyambira pamenepo. Anayesa kuyeza ndi zala. Koma kamuviko kanalibe mudzi: lero kali uku, mawa kali uko, ndipo Modesta akangosuntha kachithunzi kamodzi, zonse zinkasokonekeranso. Tsiku lina anadina zimene sanazidziwe, pulinta n'kulavula mapepala oyera okhaokha mpaka anatha. Makaseti anaunjikana patebulo. Modesta ankatayipa ena ndi zala ziwiri, mwakachetechete ngati akuba, kuti bambowo asamve. Koma iwo ankamva.

Lachisanu anamva kuti Felton ali ku Kasakula, m'mapiri a Ntchisi, kumene bungwe linali ndi kaofesi ndi kompyuta yoyendera sola. Usiku usanagwe anauza mkazi wawo kuti mawa ali pa ulendo.

"Abambo a Luckness, ku Kasakula nokha? Misewu yake ija? Bwanji osadikira abwere?"

"Akachoka kumeneko akulunjika ku Lilongwe. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, mayi. Ndisitireni jekete."

Ulendowo unali wa matola, kumbuyo kwa galimoto pamwamba pa matumba, mphepo ya Juni ikucheka makutu. Pa boma la Ntchisi anatsika n'kudikira ina mpaka msana unauma. Kuchoka apo kunali kukwera ndi kutsika, galimoto ikubuula pa zitunda, fumbi likulowa mpaka m'mano. Penapake anaima, anyamata n'kuthamangira galimoto akukuwa mbewa, mbewa zowamba. Mayi wina woyandikana nawo anagula, nawafunsa ngati angalaweko.

"Zikomo mayi," anatero a Kamphinda. "Sabata ino mbewa zandikola."

Anafika dzuwa litapendeka. Mayi yemwe uja anawaperekeza mpaka pakhomo pa kaofesiko, ndipo likhweru lokha linawauza kuti Felton ali m'kati.

"Bambo Kamphinda! Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Sanachitike, koma ali pafupi. Ndipatseni mpando."

Atakhala pansi anavula jekete lawo lafumbi, napapasa mpaka anapeza galasi la kompyuta, nalifunditsa bwinobwino.

"Achimwene, ndabwera kudzaphunzira. Munati zatsopanozi ndi za aliyense. Nditsegulireni polembera kalata, ine ndizimvera mmene mukuchitira."

Felton anaseka. Kenaka anaona kuti bambowo sakuseka. Anagwira mbewa, naikoka, nadina. Anadikira. Anadinanso kwina. Kompyutayo inalira kamodzi, kulira kosadziwika ngati n'kuvomera kapena kukana. Dzanja lake linapita lokha ku jekete kuti asuzumire, koma linapeza dzanja la a Kamphinda lili pomwepo.

"Mwafika pati?"

"Sindikudziwa."

"Muli apa," anatero a Kamphinda. "Ine ndakhala apa sabata yathunthu."

Felton anakankha mbewayo, ndipo mawu ake anatuluka okwiya, mkwiyo wa munthu wochita manyazi. "Bambo, si ine ndinapanga zimenezi! Anapanga ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, amene Dowa sakumudziwa n'komwe. Ine ndimangoika. Ndipo a ku likulu anati makompyuta onse afanane. Mukudziwa chifukwa chake? Wokonza ndine ndekha, maofesi ali mbwee. Ikafa ya ku Mchinji amandiimbira foni, ine ndimawauza podina ndili ku Lilongwe. Tsono aliyense akakhala ndi kachitidwe kake, ndidzapenga ine."

"Zimenezo ndazimva, ndipo ndi zomveka. Koma inu mukapenga mudzapenga muli pa ntchito. Ine mwezi ukatha ndikukakhala pa depoti."

Panja mbuzi inkalira, ndipo wina ankapopa njinga.

"Mvetsetsani," anapitiriza a Kamphinda, tsopano mofatsa. "Sindinabwere kudzalanda Modesta mbewa yake. Mwana uja wasangalala, asangalale. Pakhonde paja ndinapempha molakwa, ndinati zakale zibwerere kwa onse. Nanenso ndinafuna kukokera anzanga ku tchalitchi changa. Lero ndikufunsa china. Kodi nyumba imeneyi singakhale ndi makomo awiri?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Kunena zoona, zakale zija sizinafe. Zili pansi pa zatsopanozi, zangophimbidwa. Ndikhoza kuiuza kompyuta kuti ikamayaka izifunsa kaye: wofuna zakale adine wani, wofuna zatsopano adine thuu. Makalata ake ndi amodzi omwewo, aliyense akhoza kuwapeza."

A Kamphinda anadzuka pampando, ndodo n'kugwa pansi. "Mukuti chiyani? Ndiye pakhonde paja munakhaliranji chete?"

"Palibe anandifunsa, bambo. A Gwaza anati zakale kapena zatsopano. Nanenso mutu wanga unangolowa momwemo, ndinkafuna mbali yanga ipambane."

Abale inu! Ofesi yathunthu, anthu ophunzira, kukweza manja kulimbirana chinthu choti aliyense akanatha kudya mbali yake. Chikhala kuti anafunsa, bwenzi munthu wosaona asanagwedezeke mafupa pa matumba kudutsa mapiri onse aja. Koma chaka chimenecho funso lililonse linkayenera kukhala ndi wopambana ndi wogonja, apo ayi silinkakoma. A Kamphinda anafuna kukalipa, koma chimene chinatuluka chinali chiseko, chiseko chotulutsa misozi.

Anayesera pa kompyuta ya ku Kasakula komweko dzuwa lisanalowe. Felton analembalemba, kenaka anaima.

"Pali kanthu kena. Ikafunsa, munthu akapanda kuyankha msanga, imasankha yokha. Ndiike kuti izisankha ziti?"

"Isasankhe."

"Nanga itani?"

"Idikire."

"Ikhoza kudikira tsiku lonse, bambo."

"Ili ndi ulendo wa kuti?"

Felton anafufuta mzere umodzi, nazimitsa, nayatsanso. Kompyutayo inang'ung'udza pang'ono n'kukhala chete. A Kamphinda anatambasula chala, nadina wani, nalemba dzina lolakwika dala. Pii! Ha, kulira konyansa kuja, tsiku limenelo kunakoma ngati mawu a mwana wobwera kuchokera kutali.

"A ku likulu akamva, andidya," anatero Felton.

"Mukawauze kuti munafunsidwa ndi munthu."

"Ndikawauza. Koma bambo, nanenso ndikutsineni khutu. Zakalezi zikupita. Lero ndakutsegulirani, koma kompyuta imene idzabwere pambuyo pa yanu ija mwina sidzakhala ndi khomo lachiwiri. Pamenepo ngakhale mudzanditsatire ku Nsanje, sindidzatha kanthu."

Chimwemwe cha a Kamphinda chinaphwa pang'ono. "Ndiye kuti zatsopanozo sizimva china koma mbewa basi?"

"Ati mabatani ena amayendamo popanda mbewa. Ine ndikudziwapo awiri kapena atatu, sindinawafunepo. Bweretsani dzanja." Ndipo anawagwiritsa zala: ili ndi ili pamodzi limatsegula mndandanda, awa amatsitsa ndi kukweza, ili limabweza m'mbuyo. "Ena onse sindikuwadziwa. Muyenera kuwasaka nokha."

Lamulungu anabwerera limodzi pa galimoto ya bungwe, Felton n'kupatukira ku Dowa kukakonza ya kumeneko asanapitirire kwawo.

Lolemba m'mawa a Gwaza anamva zala zikuthamanga pa mabatani, natuluka mu ofesi mwawo. Anapeza galasi lakuda bii, a Kamphinda ali pa kaseti yachitatu.

"A Kamphinda, n'chiyani ichi? Si tinavota?"

"Tinavota, bwana, ndipo munapambana. Modesta, tawaonetsa abwana."

Modesta anazimitsa, nayatsa, nadina thuu. Kanyimbo kaja kanaimba, mitambo n'kubwerera m'galasi. A Gwaza anayang'ana galasi, nayang'ana mulu wa makalata otuluka kale, nayang'ananso galasi. Anafunafuna mlandu koma sanaupeze.

"Nanga voti ija inali ya chiyani?" anang'ung'udza. Analowa mu ofesi mwawo, natulukanso ndi makaseti ena awiri, nawaika patebulo mwamphamvu. "Awa ndikuwafuna lero." Za kupuma sanazitchulenso.

A Kamphinda anagwira ntchito mpaka masana osadzutsa mutu. Nthawi ya nkhomaliro anthu anatuluka kupita kumsika, Modesta n'kuwafunsa ngati awagulire mbatata yootcha. Anati ayi, iye adye bwino.

Ofesi itakhala chete, anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Inang'ung'udza, kenaka inaima, ikudikira. Chala chawo chinapita chokha pa wani, pamene chinazolowera. Anachisiya pamenepo kanthawi. Mwana wawo wamng'ono anali asanayambe ndi sukulu yomwe, ndipo kompyuta ina ija, yopanda khomo lachiwiri, inali m'njira ndithu, ikubwera. Ankaiopa, ndipo sanadzinamize kuti sakuiopa.

Anakankhira mbewa kumapeto kwa tebulo, nasuntha chala, nadina thuu. Kanyimbo katatha, anayala zala zonse pa mabatani, nayamba kusaka.